Nyumba ya kanema yopanda woilira

Nyumba za kanema zakale, zija za nsanamira zikuluzikulu, makatani olemera ndi nyale zolendewera kudenga, zikati zigumulidwe anthu amadzuka. Amalemba m'manyuzipepala, amasonkha ndalama, ena amakaima pakhomo ndi zikwangwani. Roxy ya ku New York, imene inatsegulidwa mu 1927 ndipo munkalowa anthu pafupifupi 6,000 nthawi imodzi, inagwetsedwa mu 1960, koma zithunzi zake zikusindikizidwabe m'mabuku mpaka lero. Nyumba ya kanema ya mu mall ikatseka, nkhani imathera pa pepala limodzi lomatidwa pagalasi, lothokoza makasitomala. Pakapita milungu ingapo amakhomapo matabwa, n'kupachikapo chithunzi cha sitolo imene akuti ikubwera.

Ine ndinakulira m'nyumba ya mtundu wachiwiriwu. Ndinayamba ndili woonera, kenako ndinalembedwa ntchito yong'amba matikiti ndi kusesa m'maholo, ndipo patapita nthawi anandilola kukwera kuchipinda cha makina. Anthu akamanena kuti malo oterewa anali mabokosi chabe a simenti opanda mbiri, mtima umandiwawa. Mabokosi analidi, zimenezo sindikana. Koma mbiri anali nayo, ndipo ambiri a ife amene lero tili ndi ana athuathu tinaphunzirira mmenemo kukhala chete mumdima pamodzi ndi anthu osawadziwa.

Yathuyo inali pamwamba, kumathero kwenikweni kwa mall, ukapitirira masitolo a nsapato ndi malo odyera. Fungo la mbuliwuli linkakupeza udakali pamasitepe oyenda okha aja. Maholo analipo 6. Kapeti inali ya mitundu yosakanikirana, yosankhidwa dala kuti chakumwa chikatayika pasaoneke, ndipo m'mizere ya mipando nsapato zinkamata pansi ngakhale tikolope chotani. Holo 5 ndi holo 6 poyamba inali holo imodzi. Anaidula pakati ndi khoma kuti azionetsa mafilimu awiri, koma mipando sanaisunthe, moti inkayang'anabe pakatikati pa sikirini yakale, pamene tsopano panali khoma. Munthu ankaonera filimu yonse khosi litapendama pang'ono. Ndipo mu holo 5 anthu awiri akamanong'onezana zachikondi pa sikirini, mabomba a mu holo 6 ankagunda m'khomamo mpaka mipando kunjenjemera.

Kuti kanema afike kumathero kwa mall panali zifukwa. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mabanja ambiri ku America anachoka pakati pa mizinda n'kukamanga kunja, kumene munthu sachita kanthu popanda galimoto. TV inalowa m'nyumba. Mu 1948 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mlandu umene unakakamiza makampani opanga mafilimu, monga Paramount, kusiya kukhalanso eni a nyumba zoonetsera. Manyumba akuluakulu a m'tauni aja anayamba kuonetsa mafilimu ku mipando yopanda anthu. Anthu anali atapita kwina, ndipo masitolo anawalondola. Mu 1951 ku Framingham, m'chigawo cha Massachusetts, kunatsegulidwa Shoppers World, masitolo ambiri pamalo amodzi ozunguliridwa ndi poimika magalimoto, ndipo pakati pa masitolowo panali nyumba ya kanema. Mu 1956 ku Edina, Minnesota, kunatsegulidwa Southdale Center, masitolo onse pansi pa denga limodzi, mpweya wake wotenthetsedwa kapena kuziziritsidwa ndi makina. Anajambula mapulani ake anali Victor Gruen, wobadwira ku Vienna, amene ankalakalaka kuti anthu okhala motalikirana apeze bwalo lokumaniranapo longa la m'mizinda ya kwawo ku Ulaya. Atakalamba anadzapatukana nawo ma mall, poona kuti amene anamangidwa pambuyo pake anangokhala a malonda okhaokha. Ine ndimaona kuti mu mall yonse, malo amene anayandikirako ku maloto a mkuluyu anali nyumba ya kanema, chifukwa ndi mokhamo mmene anthu ankakhala pansi maola awiri, osagula kanthu, akuseka ndi kuchita mantha ndi chinthu chimodzi.

Nzeru ya maholo ambiri inabadwa powerengera ndalama. Stanley Durwood wa ku Kansas City anaona kuti khomo limodzi, wogulitsa matikiti mmodzi ndi wogulitsa zakumwa mmodzi angathe kusamalira masikirini awiri m'malo mwa imodzi. Mu 1963 anatsegula Parkway Twin pamalo a masitolo a Ward Parkway mumzindawo. Mu 1966 anatsegula ya maholo 4, mu 1969 ya maholo 6 ku Omaha, ndipo kampani yake ndi imene inadzatchedwa American Multi-Cinema, AMC ya lero. Ku Canada, Nat Taylor anali atayamba kale mu 1957 kuonetsa mafilimu awiri osiyana m'maholo awiri a Elgin ku Ottawa. Iyeyu ndi Garth Drabinsky ndi amene mu 1979 anatsegula Cineplex ya maholo 18 mu Eaton Centre ku Toronto, yaikulu kuposa ina iliyonse panthawiyo, ngakhale m'maholo ambiri munkalowa anthu osakwana 100. Ku Britain matikiti ogulidwa pachaka anali atatsika kuchoka pa 1.6 biliyoni mu 1946 kufika pa 54 miliyoni mu 1984. Mu 1985 The Point ya maholo 10 inatsegulidwa ku Milton Keynes pafupi ndi malo a masitolo, zina zinatsatira, ndipo chiwerengero chinayambanso kukwera. Amene amanyoza mabokosiwa ayambe avomereza kuti ndi mabokosi omwewo amene anabweza anthu ku kanema.

Mmene zinkayendera kwa ife n'kuti filimu yatsopano inkayambira mu holo 1, yaikulu kwambiri. Anthu akayamba kuchepa inkatsikira mu holo 3, kenako kukathera mu 5 kapena 6. Pongoona nambala ya holo pa tikiti, munthu unkadziwa kuti filimuyi yatsala pang'ono kuchoka. Nthawi zoyambira ankazisiyanitsa ndi mphindi zochepa kuti anthu asadzaze pakhomo nthawi imodzi, ndiponso kuti ife osesa tikatuluka muno tilowe umo.

Komatu maholo 6 akanafuna anthu 6 oyendetsa makina, nzeru ya Durwood ikanafera m'mazira. Apa ndi pamene ndikufuna kuchedwapo, chifukwa zimene zinkachitika kuchipinda cha pamwamba oonera sankaziona.

Filimu ya 35mm, kansalu kapulasitiki kokhala ndi zithunzi ka mamilimita 35 m'lifupi mwake, imathamanga zithunzi 24 pa sekondi, mamita pafupifupi 27 pa mphindi, ndiye filimu ya maola awiri imapitirira makilomita 3. Inkabwera m'zitini zachitsulo zolemera, itagawidwa m'mipukutu ya mphindi pafupifupi 20 uliwonse. Kalelo holo imodzi inkafuna mapulojekita awiri. Woyendetsa ankayang'anitsitsa kadontho kamene kankathwanima pakona yapamwamba kudzanja lamanja la chithunzi. Kakaoneka koyamba aliza pulojekita yachiwiri, kakaonekanso asinthira kumeneko, oonera osadziwa kuti pachitika kanthu. Kuwala kunkachokera ku timitengo ta kaboni toyaka, timene tinkanyeka n'kumafupika, moti munthu sakanachoka pamakina. Zinthu ziwiri ndi zimene zinasintha ntchitoyi. China ndi babu ya xenon, yoyaka maola ochuluka popanda woiyang'anira. China ndi platter, mbale zachitsulo zitatu zosanjikizana, iliyonse yaikulu ngati thebulo lodyerapo. Filimu yonse inkagona pa mbale imodzi italumikizidwa kukhala mpukutu umodzi. Inkatulukira chapakati, n'kudutsa m'timawilo, kulowa mu pulojekita, n'kukadzikulunga pa mbale ina, yokonzeka kuyambanso popanda kuibweza m'mbuyo. Kuyambira pamenepo munthu mmodzi ankatha kuyendetsa maholo onse.

Kwa ife munthuyo anali bambo wina wachikulire amene tonse tinkangowaitana kuti madala. Anayambira ntchito pa makina a kaboni m'nyumba ina yaikulu ya holo imodzi, ndipo itatseka anabwera ku mall. Chipinda chawo chinali chachitali, chamdima, chotentha, chonunkha mafuta a makina ndi fumbi lopsa. Mapulojekita anandandalika mbali zonse, lililonse likusuzumira m'holo yake pa kawindo kakang'ono. Madala ankayenda kuchoka uku kupita uko, ndipo makina ankawadziwa ndi khutu. Akanatha kukhala akumwa tiyi kumapeto kwa chipinda, n'kungoimirira mwadzidzidzi, kupita ku pulojekita ya holo 4 chifukwa yasintha kaliridwe.

Usiku wa Lachinayi ndi umene unali wa ntchito yeniyeni, chifukwa Lachisanu mafilimu atsopano ankayamba. Anthu onse akatuluka, tinkakweza zitini zija pamasitepe. Madala ankatsegula chimodzichimodzi, kupeza mutu ndi mchira wa mpukutu uliwonse, kudula pamzere weniweni wa pakati pa zithunzi ziwiri, n'kulumikiza ndi tepi yoonekera mkati. Kutsogolo ankaikako zotsatsa malonda ndi tizidutswa ta mafilimu akubwera. Tsiku loyamba kundilola kugwira filimu, anandigwira dzanja ndisanaifikire.

"Mnyamata iwe, filimu sitigwira pamimba. Timagwira m'mbali. Ukadinda chala apa, anthu achiona chala chakocho mpaka filimuyi idzachoke."

"Ndamva, madala."

"Ndipo ukadula molakwika, mitu ya anthu ikhala pansi pa sikirini, miyendo pamwamba. Yang'ana mabowo. Chithunzi chilichonse mabowo anayi. Werenga."

Ndinawerenga. Akamaliza kulumikiza, filimu inkayenera kuonetsedwa yonse usiku womwewo kuti atsimikize kuti mipukutu yatsatana bwino ndipo palibe wolowa chadodolido. Ife antchito tinkakhala m'holo yonse tokha, mall itatsekedwa, alonda okha akuyenda pansi. Mafilimu ambiri amene ndimawakonda mpaka lero ndinawaona choncho, maso akulemera ndi tulo, mawa lake ndikudziwa zimene mzere wonse wa pakhomo sukudziwa.

Zinkavuta nthawi zina. Filimu ikakodwa pakati pa mbale inkadzimanga mfundo n'kuima. Chithunzi chimene chaima kutsogolo kwa babu sichichedwa kupsa. Pa sikirini pankaoneka kadontho kofiirira pankhope ya munthu, kenako n'kufutukuka, m'mbali mukuchita thovu, mpaka sikirini yonse kuyera mbee. M'holo munkabuka mluzu ndi kukuwa. Madala sankathamanga. Ankayatsa magetsi a m'holo, kumasula mfundo ija pang'onopang'ono, kudula zithunzi zopsazo, kulumikiza, kuzimitsanso magetsi. Chithunzi chikabwerera anthu ankaomba m'manja, osadziwa amene akumuombera. Ankandiuza kuti filimu za m'zaka za m'ma 1990 kupita mtsogolo, zopangidwa ndi polyester, zinali zolimba moti zikakodwa siziduka msanga, zimayamba zakoka timawilo n'kupinda zitsulo. Filimu yakale inkaduka n'kupulumutsa makina.

Ndalama za nyumba ya kanema sizichokera kwenikweni pa tikiti. Gawo lalikulu la ndalama za matikiti limapita ku kampani yogawa filimuyo, makamaka m'milungu yoyamba pamene anthu amadzaza. Zotsala kwa eni nyumba ndi za mbuliwuli ndi zakumwa, zimene phindu lake ndi lalikulu poyerekeza ndi mtengo wa chimanga, mafuta ndi mchere. Eni a nyumba zapamwamba zakale ankakana mbuliwuli poopa kuda kwa makapeti awo, mpaka mavuto a zachuma a m'ma 1930 atawakakamiza. Nyumba ya mu mall inamangidwa mozungulira kauntala ya mbuliwuli: kuchoka pogula tikiti kupita kuholo, panalibe njira yoilambalala. Eni mall nawonso ankaifuna nyumbayi chifukwa inkabweretsa anthu madzulo ndi kumapeto kwa sabata. Obwera msanga ankazungulira m'masitolo, otuluka ankadya, ndipo poimika magalimoto pankadzaza nthawi imene masitolo atseka.

Koma anthu obwerawo sankadziona ngati chiwerengero cha eni mall. Kwa wachinyamata, awa anali malo oyamba amene makolo ankamusiya yekha. Amutsitsa pakhomo, amupatsa ya tikiti, amuuza nthawi yodzamutenga. Ndinaona anyamata akubwera ali gulu, akukankhana, n'kudzabweranso patapita miyezi mmodzi yekha atavala malaya ositidwa, akuyang'ana koloko pafupipafupi. Ndinaona amayi akutuluka ndi mwana wolira chifukwa cha mdima, n'kuima naye pakhomo la holo akuonera pa kampata ka chitseko mpaka mwanayo atalimba mtima. Kunali agogo ena aamuna amene ankabwera masana a pakati pa sabata, nthawi zina okha m'holo yonse, ndipo madala ankawayendetsera filimu mosamala chimodzimodzi ndi holo yodzaza. Ana ena ankagula tikiti imodzi, filimu ikatha n'kubisala kuchimbudzi, kenako kuzembera m'holo ina. Ntchito yanga inali kuwagwira ndi tochi. Ndinkawatulutsa m'holo ikakhala filimu ya akuluakulu, koma kwina konseko tochi yanga inkaloza pansi.

Chimene sindichipeza ndikamaonera filimu pafoni ndi phokoso lija la anthu 200 akukoka mpweya nthawi imodzi. Ndinkalimvera ndili chiimire kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Filimu imodzi ndinkaiona kambirimbiri, ndiye ndinkadziwa pamene pakubwera chodzidzimutsa, ndipo m'malo moyang'ana sikirini ndinkayang'ana mitu ya anthu. Yonse inkabwerera m'mbuyo pamodzi, kenako kuseka kwa manyazi kunkayambira pakona imodzi n'kufalikira holo yonse. Anthu amenewa atakumana m'sitolo ya nsapato sakanapatsana ndi moni womwe.

Imene inayamba kupha nyumba za mu mall ndi nzeru yomwe ija inazibala. Ngati maholo 6 aposa imodzi, ndiye kuti 24 aposa 6. Mu 1988 ku Brussels kunatsegulidwa Kinepolis ya maholo 25. Mu 1995 AMC inatsegula Grand 24 ku Dallas, ya mipando yokwera m'masitepe kuti mutu wa wakutsogolo usakutchinge. Munthu akakhalapo kamodzi pampando wotero sankafunanso holo yapansi yopendama pang'ono, ya sikirini yaing'ono. Nyumba zatsopanozi zambiri zinamangidwa pazokha, kunja kwa mall, ndipo makampani anakongola ndalama zochuluka kuti apikisane pomanga, kwinaku akulipirabe lendi ya maholo akale amene anthu anawathawa. Mu 2000 ndi 2001 makampani akuluakulu angapo ku America, monga Carmike, United Artists, General Cinema, Loews Cineplex ndi Regal, anapita kukhoti atalephera kubweza ngongole, ndipo maholo ang'onoang'ono ambiri anatsekedwa nthawi imeneyo. Cineplex ya mu Eaton Centre, ija inali yaikulu padziko lonse, inatseka mu 2001 itangotha zaka 22. The Point inalimbako mpaka 2015.

Nyumba zimene zinapulumuka pamenepo zinakumana ndi digito, njira yoonetsera kanema kuchokera pakompyuta. Filimu ya Avatar ya mu 2009 inachititsa eni nyumba ambiri kugula mapulojekita atsopano kuti aonetse 3D. Mu 2013 kampani ya Fujifilm inasiya kupanga filimu yoonetsera makanema, ndipo kumayambiriro kwa 2014 zinadziwika kuti Paramount yasiya kutumiza mafilimu ake akuluakulu pa 35mm m'nyumba za ku America. Kwa makampani ogawa, phindu linali loonekeratu: kope imodzi ya 35mm inkadya madola opitirira 1,000, pamene hard drive ndi yotchipa ndipo imabwerera kukagwiranso ntchito. Kwa eni nyumba, holo iliyonse inkafuna makina a madola masauzande ambiri. Nyumba ya maholo 6 imene lendi yake yatsala zaka zochepa, mu mall imene masitolo ake akuluakulu ayamba kusamuka, ndani akanaithira ndalama zoterozo?

Yathu inasintha maholo atatu okha. Enawo anawatseka n'kuunjikamo mipando yothyoka. Ine ndinali nditachoka kale kukagwira ntchito zina, koma ndinkapitako kukaona madala. Ndinawapeza atakhala pafupi ndi kompyuta. Filimu tsopano inkabwera m'kabokosi konyamula ndi dzanja limodzi, ndipo kuti itseguke pankafunika kiyi ya pakompyuta yogwira pa makina amodzi okha, masiku owerengeka. Magetsi a m'holo ankazima okha, filimu inkayamba yokha.

"Nanga inu mukupanga chiyani tsopano, madala?"

"Ndikudikira kuti china chiwonongeke, mwanawe. Ndipo chikawonongeka sindiloledwa kutsegula. Ndimaimba foni."

Chithunzi cha digito chinali choyera, chopanda mikwingwirima, chofanana tsiku loyamba ndi lotsiriza. Zimenezo n'zabwino ndipo sindikuzinyoza. Chimene chimandipweteka n'chakuti luso la zaka makumi angapo linatha ntchito m'zaka zochepa chabe, padziko lonse nthawi imodzi, ndipo anthu ake sanatsazikidwe.

Zotsalazo zinayenda msanga. Netflix inali itayamba kuonetsa mafilimu pa intaneti mu 2007, ma TV a m'nyumba anakula, anthu anayamba kugula zinthu pa intaneti, ndipo ma mall ambiri anayamba kuchita mphepo. Yathu inatseka Covid-19 isanabwere, mgwirizano wa lendi utangotha. Mliri wa mu 2020 unamaliza zina zambiri zimene zinkapumira m'mwamba. M'chaka chomwecho kampani yopanga mafilimu ya Universal ndi AMC anagwirizana kuti filimu ingathe kufika m'nyumba za anthu patangotha masiku 17, pamene kale munthu ankadikira pafupifupi miyezi itatu.

Nyumba ya kanema ikatseka imavuta kuipezera wolowamo. Ilibe mawindo, pansi pake ndi potsetsereka, ndipo makoma amaigawa m'zipinda zazitali zopanda ntchito ina. Yathu inakhala yokhomedwa matabwa kwa nthawi. Kenako mpingo wina unachita lendi holo 1, chifukwa mipando yoyang'ana kutsogolo inali ilipo kale. Utachoka anagumula makoma onse, kuthira simenti kuti pansi pafanane, n'kuikamo makina olimbitsira thupi. Mapulojekita a 35mm ndi mbale zake anagulitsidwa pa sikelo ngati zitsulo zakutha. Anzanga amene tinkasesa nawo anabalalika, ndipo tikakumana timapeza kuti palibe mmodzi yemwe amene ali ndi chithunzi cha mkati mwa nyumbayo. Tinkaganiza kuti izikhalapo basi.

Madala anapuma ntchito, koma kanema sanamusiye. Mwezi ndi mwezi ndimakawatenga kupita nawo ku nyumba ina yaikulu ya maholo ambiri, ya mipando yogonera. Amakhala mzere wakumbuyo kwenikweni, pansi pa kawindo. Ulendo wathawu, filimu itangoyamba, anandigwira paphewa n'kunena kuti babu yatopa, chithunzi chikuda m'makona. Anatuluka ndi ndodo yawo kukauza mtsikana wa pakhomo kuti adziwitse wa kumakina. Mtsikanayo anawayankha mwaulemu kuti kumtunda kulibe munthu, koma alemba uthenga kwa akuluakulu ake. Madala anamupempha pepala, n'kulembapo okha nambala ya holo ndi vuto lake, kenako anabwerera kudzamaliza filimu.